Tsache la Mlaza ndi Chipsera cha Amayi Anu

Mariamu, taika pansi tsachelo. Sindikukukalipiranso ayi, ingoika pansi ubwere ukhale pamkekapa. Nawenso Yusufu, foniyo ilibe miyendo, siithawa, ilowe m'thumba. Aminayu msiyeni akhale pamwendo panga, bola asandikoke ndevu.

Ndakuona m'mawa muja nkhope itagwa, nditakuzazira chifukwa chokankhira fumbi pa kapinga. Mumtima unati agogo akalamba, ayamba kulongolola pa zinthu zopanda mutu. Mwina ndakalambadi. Koma inu ana mumachidziwa chipsera chili pamwamba pa diso lamanzere la amayi anu, chija chinadula nsidze pakati. Mukawafunsa amangoti unali mpira, nkhani n'kuthera pomwepo. Mpirawo unalipodi. Koma chimene chinawadula ndi tsache ngati lomweli, ndipo linali m'manja mwanga. Lero ali kumsika mpaka masana, ndiye ndikuuzani asanabwere, chifukwa pamaso pawo sindingathe.

Ine ndinakulira m'bwato. Ndinakoka ukonde wa chilimira kuyambira ku Makawa mpaka ku Chembe, masiku amene chambo tinkachidya mpaka kutopa nacho, osati zanu zino zolimbirana mutu umodzi anthu atatu. Msana utakana, ndinapeza ntchito yosamalira panja pasukulu ina ya sekondale m'mbali mwa msewu wopita ku Nkopola. Kutchetcha, kuthirira maluwa, kuthamangitsana ndi mbuzi za eni ake. Ndipo ndikuuzeni, pamene ndasesa ine munthu ankachita manyazi kupondapo. Amayi anga, Mulungu awachitire chifundo, analibe mwana wamkazi, ndiye tsache anandigwiritsa ine ndili msinkhu wa Aminayu. Ankati umayambira pakati n'kumakankhira zonse kunja, kumalire a bwalo, ndipo tsache lizisiya mizere yake ngati mamba a nsomba. Pitani khomo lililonse kuno mukaone, onse amasesa choncho.

Chaka china kunabwera mphunzitsi wa ku Japan, mnyamata woonda wa magalasi, dzina lake Morita. Ife tinkangoti Che Molita. Anabwera ndi chikwama chodzaza magolovesi achikopa, zibonga, ndi timipira toyera tolimba ngati dzaye losapsa. Masewerowo iye ankati bezibo, ife tinangoti mpira wa chibonga. Wina amaponya, wina amamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi, enawo amatola mpirawo n'kuuponya kungodya wothamangayo asanafike. Anyamata anauyesa masabata awiri n'kubwerera ku mpira wawo wa miyendo. Atsikana ndiwo anaukonda, paja anakulira fulaye, maso awo anazolowera mpira wobwera mwaukali. Woposa onse anali Zainabu wanga. Nthawi imeneyo sanali amayi a munthu, anali Zainabu basi, wa Folomu 3, miyendo yaitali ngati ya kakowa.

Tsiku lina Che Molita anandipeza ndikunola chikwakwa. Chichewa chake chinali chodukaduka, koma ulemu anali nawo.

"Che Saidi, tipange bwalo. Inu ndi ine."

Tinasankha malo kuseri kwa makalasi. Kuchokera ngodya ina kufika ina anati akhale mafiti 90, koma tepi yake inali yaifupi. Ndinabweretsa chingwe changa cha chilimira, n'kumuuza kuti tiyeze chili chouma, chifukwa chingwe chonyowa chimanama. Anandiyang'ana, n'kuweramitsa mutu monga amachitira kwawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kudziona ngati mphunzitsi ndine, wophunzira ndi iye. Vuto lonse linayambira pamenepo.

Dothi ndilo linatizunguza mutu. Mchenga wa kunyanja phazi limatitimira, mpira umangofa pamene wagwera. Makande a kudambo mu Okutobala amang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana, mvula ikagwa ndi phala. Anatipulumutsa ndi malemu agogo anu aakazi, Abiti Daudi, amene iwe Amina sunawaone. Anabwera kudzandipatsa mbatata, n'kupeza amuna awiri tagwira m'chiuno tikuyang'ana milu iwiri.

"Inu simunazirepo nyumba, n'chifukwa chake," anatero.

Anatilozera chulu chakufa cha dothi lofiira kuseri kwa mjigo. Anasakaniza dothi lapachululo ndi mchenga, anawaza madzi, anafumbata. Anati likagwirana m'manja koma n'kusweka ukalidina ndi chala, ndiye kuti lakwana. Che Molita analemba zimenezo m'kabuku kake ngati wamva kwa pulofesa.

Inatitengera miyezi iwiri. Ngolo ya ng'ombe kututa, ife kusefa timiyala, kuyala, kuthira madzi ndi keni, kenako kugubuduza mgolo wodzaza mchenga kuti dothi litsendereke. Masiku ano ndimaona anyamata akudandaula kukankha wilibala imodzi ya njerwa. Mgolo umenewo tinkaukankha anthu anayi, dzuwa la Mangochi lili paliwombo. Pakati penipeni tinaumba kachulu koimapo woponya. Mkati mwa ngodya zinayi zija tinadzala kapinga, kunja kutali tinadzalanso kapinga, ndipo pakati pa makapinga awiriwo panatsala lamba wotambalala wa dothi lofiira, pamene otola mpira amaima. Mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Mpira ukamenyedwa chapansi umathamanga pa kapinga wamkatiyo n'kutsikira padothi, ndipo wotola amaulandira atawerama, golovesi ili pansi, nkhope ili pafupi ndi nthaka. Amawerama choncho chifukwa wakhulupirira kuti bwalo ndi losalala.

Titamaliza, Che Molita anatenga waya wa pathandala loyanikira usipa, anamukhomera kuthabwa, anamangako chingwe.

"Che Saidi, kukoka ichi. Kuzungulira, pang'onopang'ono. Kusiya phazi limodzi kwa kapinga. Tsache ayi. Dothi pa kapinga ayi."

Anabwereza katatu. Anaonetsa ndi dzanja limodzi kaphiri, dzanja linalo n'kukhala mpira wothamanga, kugunda kaphiriko, kudumphira kumaso kwake. Ine ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndinati mwana wa dzulodzuloyu, wobadwira m'nyumba zosanja zopanda ndi bwalo lomwe, andiphunzitse ine kusesa?

Iye alipo ndinkakoka wayayo. Koma mu Juni malungo anamugwetsa kwambiri, anamutengera ku Lilongwe, n'kukhalako miyezi iwiri ndi kanthu. Timu anaisiya m'manja mwa mphunzitsi wa masamu, munthu wodziwa malamulo a m'buku koma za dothi ayi. Galimoto itangotuluka pageti, waya uja ndinamukoleka mumtengo wa mango. Bwalo lokokedwa ndi waya limaoneka ngati padutsa zinthu zokwawa, silisangalatsa maso. Ndinatenga tsache langa la mlaza. M'mawa uliwonse ndikachoka ku swala kumzikiti ndinkasesa lamba wa dothi uja monga anandiphunzitsira amayi, kuyambira pakati kukankhira ku kapinga, mbali iyi ndi mbali iyo. Mwera nawo unali utayamba, ukuthandizira kuunjika fumbi komweko. Kapingayo ndinkamuthirira tsiku ndi tsiku, ndiye ankamera kuboola dothilo n'kulibisa. Ahedi ankabwera ndi alendo kudzawaonetsa mizere ya tsache langa, ine n'kumatupa ngati finye.

Kenako kunamveka kuti Loweruka kubwera atsikana a sukulu ina ya ku Monkey Bay kudzasewera nafe, ndipo Che Molita abwera tsiku lomwelo ndi alendo a ku Lilongwe.

Lachiwiri la sabata imeneyo atsikana anali pa zokonzekera. Pakati pa ngodya yachiwiri ndi yachitatu, pamalo pamene mipira yambiri yapansi imadzera, pankaima Esinati, mwana wa msodzi wa ku Chembe. Ine ndinali kumjigo, koma phokosolo ndinalimva komweko, khoo. Mpira unathamanga pa kapinga bwinobwino, utafika m'mphepete unadumpha n'kumupeza pakamwa. Mano awiri ndinawatola ndine m'fumbi, ndinawakulunga m'pepala la kope.

Dzuwa lisanalowe sukulu yonse inali itagwirizana kuti a ku Monkey Bay atuma munthu kudzakwirira mankhwala pabwalo pathu. Usaseke iwe Yusufu, sabata yatha ndinakumva ndekha ukunena kuti goloboyi wa timu ija amathira mchere pagolo. Inenso ndinagwirizana nawo, ndipo ndinalankhulapo mokweza kuposa ena.

Lachitatu m'mamawa ndinali kukankha wilibala ya zigubu za madzi kuchoka padothi kulowa pa kapinga. Tayala linagunda kanthu, madzi n'kukhavukira m'miyendo. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakankhanso, linagundanso. Ndinagwada n'kulowetsa zala mu kapinga. Munali mtumbira, wautali, wotsata m'mphepete monse ngati mzere wa mbatata. Ndinayala thabwa kuti ndione msinkhu wake, ndinapeza zala zitatu. Unazungulira bwalo lonse, koma waukulu unali pamalo pa Esinati, chifukwa mwera umakankhira komweko ndipo n'komwe ndinkamalizira kusesa. Ndinakanda pang'ono ndi chikhadabo, linatuluka dothi lofiira lapachulu, lomwe ndinasefa ndekha. Pamenepo ndinaona manja a Che Molita aja, kaphiri ndi mpira. Kunali kozizira koma malaya ananyowa.

Kakonzedwe kake ndinkakadziwa. Umadula kapinga ndi fosholo, kumutukula ngati mkeka, kuchotsa dothi la pansi, n'kumubwezera. Anthu atatu, masiku awiri, zatha. Koma bwalo lonse likanakhala mabala okhaokha, ndipo aliyense akanafunsa kuti dothilo linafikamo bwanji. Bambo ake a Esinati anali atafika kale pasukulupo, munthu wa chifuwa ngati bwato, akufunsa amene waononga m'kamwa mwa mwana wawo. Ndinachita mantha, ana inu. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndinaopa zibakera, koma chimene ndinaopa kwambiri ndi kusekedwa, kuti Che Saidi wamkulumkulu uja sadziwa kusesa. Ndinabwezera kapinga pamene ndinakanda paja n'kupitiriza kuthirira.

Madzulo a tsiku lomwelo Zainabu anafika pakhomo akudumphadumpha. Nthawi zonse iye ankaima kutali, ku kapinga wakunja, kuwakha mipira ya m'mwamba.

"Ababa, andisuntha. Loweruka ndiima pamalo pa Esinati."



Lachinayi kusanache bwino ndinaba musi wa agogo anu, ndinaukulunga m'thumba, ndinapita nawo kubwalo. Ndinanyowetsa mtumbira uja n'kuyamba kuusinja mwakachetechete, maso ali kumsewu. Mizu ya kapinga inali itagwira dothi ngati ukonde. Unatsika chala chimodzi chokha. Ndipo dzuwa litatentha ndinapeza kuti ndauumba, walimba ngati njerwa. Poyamba unali mulu wa fumbi, tsopano unali mwala.

Ndiye ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa tsache lenilenilo. Madzulo ndinamuitana Zainabu pakhonde.

"Loweruka susewera."

"Ndalakwanji, ababa?"

"Mwana wamkazi wachisilamu sagubuduka m'fumbi pamaso pa amuna a boma lonse. Anthu akundinena kumzikiti."

Linali bodza. Palibe amene anandinenapo. Ankasewera atavala buluku mkati mwa siketi, mpango uli kumutu, ndipo mwana wa shehe wathu anali mu timu yomweyo. Ndinatenga chipembedzo n'kuchisandutsa nsanza yophimbira dothi langa. Zainabu anadzuka. Anazungulira kuseri kwa nyumba, ndinamumva akusisima.

Agogo anu anadikira mpaka mwana atapita kukatunga madzi.

"Che Saidi, musi wanga wabwera ndi dothi lofiira kumutu."

Kenako anawonjezera.

"Chaka chathunthu mwakhala mukuomba m'manja patsogolo pa aliyense. Chisilamu mwachikumbukira Lachinayi?"

Ndinawauza zonse. Anamvetsera manja ali pamiyendo, osandidula. Nditamaliza anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndiye mwati Zainabu asaimepo. Chabwino. Aimepo mwana wa yani?"

Kenako anandilamula.

"Mawa mulawire kwa ahedi, mukawauze, mukumbe bwalolo. Mwanayu msiyeni asewere pabwalo lokonza."

Lachisanu ndinalawiradi. Ndinafika mpaka pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja. Mkatimo munali bambo ake a Esinati, akumenya tebulo ndi chikhatho, akunena kuti amene wachita zimenezi akamupeza amuchotsa mano onse. Ahedi anandiona pakhomo.

"Che Saidi, pali vuto?"

"Ayi bwana, ndimati ndipemphe laimu wojambulira mizere."

Ndinatuluka ndi thumba la laimu paphewa. Masana kumzikiti ndinapempha Mulungu kuti mpira usadzere pamalo paja. Taganizani, kutuma Mulungu ntchito ya fosholo, fosholo ili m'sitolo, kiyi ali m'thumba mwanga. Ndinkadzinyengerera kuti miyezi iwiri yonse mipira yadutsa pamenepo yosawerengeka, wavulala mmodzi yekha, ndiye tsiku limodzi lingavute chiyani, Lolemba ndidzakonza mwakachetechete. Nditafika kunyumba agogo anu anandiyang'ana, ine n'kunena kuti ndawauza, takonza. Anapumira m'mwamba, anati Alhamdulillah. Anandiyesa munthu wabwino kuposa mmene ndinalili.

Zainabu ndinamuuza kuti ndabweza mawu, asewera. Anagwada kuthokoza.

"Koma uziima cham'mbuyo pang'ono, mwanangu. Mpira uziudikira."

Anaseka. "Ababa, mpira wapansi saudikira, amauchingamira. Che Molita anatero."

Loweruka bwalo linakongola kuposa tsiku lina lililonse. Mizere ya laimu ili mbee, dothi lili psuu, kapinga wobiriwira pamene dziko lonse linali litauma. Anthu anadzaza, ena m'mitengo, azimayi a zitumbuwa atayala malonda awo. A ku Monkey Bay anafika pa minibasi, woyendetsa wake mkulu wina wa imvi, atakoleka kachikwama kakuda m'khosi. Anyamata athu anayamba kale kukalozerana kachikwamako. Galimoto ya ku Lilongwe inachedwa, inafika atsikana atafola kale. Che Molita anatsika ataonda ngati bango, n'kubwera molunjika kwa ine.

"Che Saidi, bwalo lili bwino?"

Phazi lake limodzi linali litaloza kale ku kapinga. Akanayenda masitepe khumi okha akanaumva mtumbirawo ndi nsapato.

"Lili bwino kwambiri," ndinatero.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri, ahedi n'kumukokera kumipando ya alendo.

Ine ndinaima pafupi ndi ngodya yachitatu, keni ili m'manja, ngati munthu wodikira kuthirira. Masewero sindinkawaona. Ndinkangoona malo atatu, chibonga, m'mphepete mwa kapinga, ndi nkhope ya mwana wanga. Ulendo woyamba a ku Monkey Bay akumenya, mipira iwiri inapita m'mwamba, wina unalowera kungodya yoyamba. Ndinayamba kuganiza kuti pemphero lija lamveka.

Ulendo wachiwiri mpira unabwera kwa Zainabu, koma wofooka. Utafika pamtumbira unadumpha kufika pachifuwa, iye anauphimba ndi golovesi, anaponya, wothamangayo anatuluka. Anthu anaimba nthungululu, agogo anu ndiwo ankamveka pamwamba pa onse. Koma Che Molita anaimirira pampando. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, maso ali m'mphepete mwa kapinga. Kenako anatembenuka kufunafuna ine. Ine ndinayang'ana mu keni.

Wotsatira kumenya anali mtsikana wamkulu thupi, mikono ya munthu wozolowera nkhafi. Koyamba anaphonya. Ndinaona Che Molita akudutsa pakati pa mipando, akupepesa alendo, akulunjika kwa woimbira masewero. Inenso ndinaika keni pansi. Ndikulumbira, ana inu, phazi ndinali nditaponya, pakamwa nditatsegula kuti ndikuwe kuti imani. Masiku atatu ndinali nawo, ine n'kusankha mphindi yomaliza. Chibonga chinalira.

Mpira unathamanga chapansi pa kapinga, wamphamvu, ukulira. Zainabu anauchingamira, anawerama, golovesi pansi, monga anamuphunzitsira. Unadumpha.

Sanalire. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, manja ali kumaso. Mpango wake woyera unafiira ndikuona. Magazi anaphimba mbali yonse ya nkhope, moti palibe akanadziwa ngati diso lilimo kapena laphulika. Agogo anu anathamanga chitenje chikugwa, anamufungatira, kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi kokha kuchokera pakati pa bwalo. Ndikanakonda akananditukwana.

Galimoto ya alendo inamutenga, pamodzi ndi amayi ake ndi Che Molita. Ine ndinatsala. Fumbi la galimoto lisanathe kumsewu, mawu anayamba kuyenda m'gulu kuti mwaona, ndi mankhwala, malo omwe aja. Anyamata anamugwira mkulu wa minibasi uja. Anamudula kachikwama m'khosi, mkatimo munatuluka laisensi, magalasi owerengera ndi mapilitsi ake a shuga, koma munthu akafuna mfiti saona zimenezo. Bambo ake a Esinati anamugwira pakhosi la malaya. Ena anali atatola kale miyala. Atsikana a ku Monkey Bay anadzitsekera mu minibasi akulira, anthu akuigwedeza. Mkuluyo ankangoti ine ndangoyendetsa galimoto, ana anga, ndangoyendetsa galimoto.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Chimene ndinkachiopa chinali chitachitika kale, ndinalibenso choteteza. Ndinatsegula sitolo, ndinatenga fosholo, ndinapita pamalo pamene panali magazi.

"Msiyeni mkuluyo! Bwerani kuno mudzaone."

Ndinadula kapinga mbali zitatu n'kumutukula. Pansi pake dothi lofiira linali litasanjikizana m'mizeremizere ngati masamba a buku, tsiku lililonse tsamba lake.

"Mankhwala ake ndi awa. Ndinakwirira ndine, ndi tsache. Che Molita anandiletsa, sindinamve."

Bambo ake a Esinati anasiya malaya a mkulu uja, anabwera, anagwada, anayendetsa chikhatho kuchoka pa kapinga kutsikira padothi, kawiri. Msodzi amadziwa zimene bwato limachita likagunda mchenga wobisika. Anaimirira, nkhope yawo ili pafupi ndi yanga, ine ndinatsinzina kudikira chibakera.

"Mano a mwana wanga athera tsache?"

"Eya."

"Sindikumenyani, achimwene. Pitani kuchipatala. Wanu mwina watsala ndi diso limodzi."

Ndinapalasa njinga mpaka ku boma osamva msana. Ndinapeza atamusoka kale. Adokotala anati fupa la pamwamba ndilo linalandira mpirawo, ukanatsika pang'ono diso likanapita. Diso linapulumuka. Agogo anu anali atamva kale kwa Che Molita zimene anaona, iwo n'kuwonjezera zimene ankadziwa, ndiye nditalowa anadzuka pabenchi n'kutuluka. Zainabu anali chigonere, theka la mutu lili m'bandeji. Anandiyang'ana ndi diso lotsalalo.

"Ababa, munadziwa liti?"

"Lachitatu."

"Nditakuuzani kale za malo a Esinati, kapena ndisanakuuzeni?"

"Usanandiuze. M'mawa."

Anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene samu yamutulukira. Kenako anatembenukira kukhoma.

Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine nkhwangwa yanga inagwera pamitu ya ana awiri, wanga ndi wa mnzanga, mutu wanga uli bwinobwino. Ntchito sanandichotse, Che Molita anandipepesera kwa ahedi, ndipo chifundo chimenecho chinandiwawa kuposa kalata yondichotsa ntchito. Tinakumba awiri m'mphepete monse, masiku atatu, iye asananenepe n'komwe, osanditchulira tsache ngakhale kamodzi. Ku Chembe ndinapita ndi mkulu wanga kukagwada kwa makolo a Esinati, ku Monkey Bay kwa mkulu wa minibasi chimodzimodzi. Anatilandira, koma mano sanamere. Agogo anu tsache anandikhululukira msanga. Bodza la Lachisanu lija ndilo anatenga nalo nthawi, ndipo kuyambira pamenepo ndikanena kuti ndachita chinthu ankangoti chabwino, n'kupita kukaona okha.

Zainabu bala litapola anabwerera mu timu. Aphunzitsi anafuna kumubwezera kutali ku kapinga wakunja, iye anakana, anati malo ake ndi omwe aja. Tsiku loyamba ndinalawira, ndinakoka waya mozungulira, kusiya phazi limodzi kwa kapinga, ndinayeza m'mphepete monse ndi thabwa. Atafika anakhala pansi, anavula nsapato, n'kuyamba kuyenda m'malire a kapinga ndi dothi, phazi limodzi uku lina uku, pang'onopang'ono.

"Ndakonza, mwanangu. Ndayeza ndi thabwa."

"Ndamva, ababa."

Anapitiriza kuyenda mpaka anazungulira bwalo lonse, ine nditaima ndi chingwe cha waya m'manja. Ankatero tsiku lililonse mpaka anamaliza Folomu 4. Sanandinyozepo, sanandikumbutsepo, chakudya ankandipatsa atagwada monga kale. Koma mawu anga onena za pansi pamene aponde sanawakhulupirirenso.

Bwalolo kulibenso, Che Molita atapita kwawo anamangapo makalasi. Kapinga wa pakhomo panoyu ndinazula komweko asanathire maziko. Ndiye mwina mwaonapo kuti amayi anu akamachokera kumsika, asanalowe m'nyumba amavula nsapato pageti n'kudzera m'mbali mwa kapingayu, nsapato zili m'manja. Inu mumati akupumitsa mapazi.

Dzuwa lakwera, afika posachedwa. Mariamu, tenga tsachelo uchotse fumbi lija. Uyambire pa kapinga, uzikokera mkati.